Masamba a Ndimu Atachita Chikasu

9 Ogasiti

Amake Mafunso,

Moni wochuluka kwa inu, kwa mayi, ndi kwa mwana wathu wosatopa pakamwayo. Kaya mukudzuka bwanji kumeneko? Ine kuno ndili bwino, kupatula msana umene ukundikumbutsa tsiku ndi tsiku kuti unyamata unapita.

Ntchito yomanga ija inatha monga ndinakuuzani. Tsopano ndalowa pa nazale yaikulu kunja kwa mzinda. Musaganize za kanazale ngati kaja ka kuseri kwa nyumba yathu ayi. Kuno kuli mashedi a pulasitiki khumi ndi awiri, ataliatali ngati matchalitchi, ndipo mkati mwake muli mbande za mitengo ya zipatso ndi maluwa m'machubu akuda, mizere mizere mpaka maso kutopa. Kutentha kwa m'menemo, thukuta limachita kutsikira m'jombo. Ntchito yanga ndi kudzaza dothi m'machubu, kuzula udzu ndi kunyamula. Munthu ndinathawa khasu kwathu, lero ndikulimira eni ake. Sekani, ndakupatsani mpata.

Tikugona awiri m'kachipinda ka kuseri kwa mashedi. Mnzangayo timamutcha Wamluzu, poti kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa ndi mluzu basi, nyimbo yake imodzimodzi. Masiku oyamba ndinkafuna kumutseka pakamwa ndi sokosi, koma tsopano ndinazolowera. Ndi munthu wa mtima wabwino, anandibwereka bulangete ndisanapemphe n'komwe.

Adalaivala a lole aja akupatsani katundu uyu: sopo, nsapato za Mafunso, ndi chigubu cha buluu. Nsapatozo ndinayeza ndi chikhatho changa, zikakula muike mapepala kutsogolo. Koma chigubucho ndiye nkhani. N'cholimba, chili ndi chotsekera cha mazinga ndi chogwirira chabwino, ngakhale mutachigwetsa sichisweka. Kapitawo wathu amatigulitsa zikatha ntchito, mtengo wake wa buledi awiri basi. Wamluzu ali nacho chake pafupi ndi bedi, ndi mmene timasungamo madzi akumwa. Chanucho ndachitsuka katatu ndi sopo. Kafungo katsalako pang'ono, koma katha.

Mtsuko uja wosweka pakamwa muupumitse. Mtima umandipweteka ndikakumbukira tambala wa aneba akumwa m'madzi amene mwana wanga amamwa. Ndi chigubuchi, ulendo umodzi wa ku mjigo ukukwanirani akumwa, otsalawo n'kuthirira ndimu.

Mtengo wa ndimuwo musauiwale chonde. Mukudziwa kuti ndinaudzala sabata imene Mafunso anabadwa, ndipo ndinamulonjeza kuti ndimu yoyamba adzathyola yekha ine ndili pomwepo. Chaka chino ndi chachinayi, uyenera kuchita maluwa. Sindikufuna kukhala bambo wabodza.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a Mafunso


3 Sepitembala

Amake Mafunso,

Kalata yanu ndalandira ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino. Nanenso ndili bwino. Ndaseka kumva kuti amayi a ku mjigo akuchita nsanje ndi chigubu. Alekeni, amuna awo akagule zawo.

Mwati masamba a ndimu ayamba kuchita chikasu. Musadandaule, mwafunsa pa nyumba yoyenera, mwamuna wanu tsopano ndi dokotala wa masamba. Kuno kuli mkulu wina amene amayang'anira mapaipi a madzi. Wagwira pano zaka makumi awiri, mano atsala anayi, koma tsamba amaliwerenga ngati nyuzipepala. Ndinamufunsa nthawi ya nkhomaliro ndipo anati:

"Mwana wanga, mtengo sulankhula, koma sunama. Chikasu ndiko kulira kwake. Iwe uyambe wafunsa kuti tsamba lolira ndi liti. Akakhala akale a m'munsi, ndi njala, mtengo ukulanda chakudya kwa akulu kupatsa ana. Akakhala onse, ofewa ndi ogwa okha, madzi achuluka, mizu ikuola. Akakhala ndi timadontho, tembenuza tsambalo, upeza nsabwe kunsi. Akakhala a kunsonga, mitsempha yobiriwira koma pakati pachikasu, dothi likuumana chitsulo."

Ndiye inu simunandiuze kuti ndi masamba ati. Mwangoti achita chikasu, ngati munthu wopita kuchipatala n'kukangoti ndikudwala. Komabe ine ndikuganiza njala, poti dothi la pamenepo ndikulidziwa, ndi mchenga wokhawokha. Pemphani manyowa a mbuzi owolerana kwa alamu anu, mukumbe mozungulira kutali ndi tsinde mkono umodzi, muthire, mukwirire, kenako muthirire bwinobwino. Pakatha masabata awiri muona kusintha.

Mwati Mafunso wafunsa kuti m'chigubu munali chiyani chisanabwere kwathu. Mwana ameneyu! Dzinali sitinamupatse molakwa. Muuzeni kuti munali chakudya cha mbande. Ndi mmene kapitawo ananenera tsiku lina, akuti feteleza wamadzi. Ngati zili choncho, ndimuyo ikudyerera kumene.

Za kuno palibe zambiri. Lachisanu lililonse kumabwera ogula, ndiye Lachinayi tonse timalowa m'mashedi ndi ndowa kukathothola tsamba lililonse lachikasu. Kapitawo amati wogula asaone chikasu ngakhale chimodzi. Mbande yodwalayo imapita ikuoneka ngati mkwatibwi, ikafera kwa mwini wake. Mkulu wa mapaipi salowa nawo pa ntchito imeneyi, amati msana. Koma msana wake umachira Lachisanu.

Wamluzu masiku ano chakudya sichikumulowa. Akuti akangodya pang'ono mseru. Mbale yake ndikumamaliza ndine, ndiye mukandiona nditanenepa musandiganizire zina.

Ndaika kangachepe mu envulopu. Mugulireko mayi mankhwala a miyendo, zotsalazo muone nokha.

Wanu,
Bambo a Mafunso


26 Sepitembala

Amake Mafunso,

Moni kwa nonse. Ine ndili bwino ndithu. Ndikukhulupirira kuti kalata ino ipeza Mafunso atapezako bwino. Mwati akudandaula m'mimba ndipo akusiya chakudya m'mbale. Ana a msinkhu umenewo ndi njoka za m'mimba kawirikawiri, amadya ndi m'manja mwa dothi. Mugulireni mankhwala a njoka, ndipo muzimupatsa madzi ambiri. Asamwe pena paliponse, azimwa a m'chigubu okha, poti ndiwo otsekedwa bwino.

Za ndimu, mwati manyowa sanathandize, chikasu chikungokulirakulira. Ndinapitanso kwa mkulu wa mapaipi. Anandifunsa kuti mumathirira kangati. Nditamuuza kuti m'mawa ndi madzulo, anagwira kumutu. Akuti mitengo yambiri imafa ndi chikondi kuposa ndi chilala. Akuti mizu nayonso imapuma, ukaimiza m'madzi imabanika ngati munthu. Ndiye akazi anga, mtengowo mukuukonda mopitirira. Chikondi chotsalacho sungirani ine. Lowetsani chala m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri, mukapeza chinyontho musathirire.

Ndipo chonde, ndabwerezanso, ndiuzeni masamba ake ndi ati, a m'munsi kapena a kunsonga. Ngati n'kotheka thyolani limodzi muike m'kalata.

Wamluzu sali bwino. Mluzu unasiya, m'chipinda muli zii, mpaka ndikuilakalaka nyimbo yotopetsa ija. Lamulungu m'mawa tikuchapa panja anatembenuka kuti andipatse sopo, dzuwa linamuwomba kumaso, ndipo ndinaona kuti maso ake, poyera paja, pachita chikasu. Ndinamuuza. Anaseka n'kuti: "Ndayang'anitsa masamba, achimwene, mtundu wandilowa." Ine sindinaseke.

Tinamuuza kapitawo kuti munthuyu apite kuchipatala. Anayankha kuti ndi mowa umenewo, chiwindi chatopa. Amake Mafunso, miyezi iwiri ndagona naye chipinda chimodzi, munthu uja mowa salawa n'komwe. Ndalama yake yonse imapita kwa ana ake atatu. Ndinafuna kuyankha, koma mlendo sakweza mawu pa khomo la eni, ndipo mapepala anga okhalira m'dziko lino mukuwadziwa mmene alili.

Lachisanu lapitali ogula atatsala pang'ono kufika, kapitawo anamuchotsa Wamluzu m'shedi n'kumutumiza kuseri kukasanja matumba, kumene alendo safikako. Anati maso akewo angaopseze makasitomala. Mkulu wa mapaipi anali pafupi nane, analavula pansi.

Izi musawauze mayi, angayambe kusala kudya chifukwa cha ine. Ine ndilibe vuto. Kutopa kokha, ndipo ndani satopa?

Denga la khitchini likonzedwe mvula isanayambe. Alamu anu ananena kuti athandiza, koma muziwakumbutsa, amaiwala zonse kupatula nthawi ya chakudya.

Ndine wanu,
Bambo a Mafunso


19 Okutobala

Amake Mafunso,

Ndikupereka moni kwa inu ndi mayi. Mafunso mumugwire m'manja m'malo mwanga. Ine ndikudzuka.

Tsamba munaika m'kalata lija lafika, ngakhale lauma. Mwati ndi a kunsonga, ongophuka kumene, ndipo akutuluka ang'onoang'ono, owonda ndi opiringizika. Ndinalitengera kwa mkulu wa mapaipi. Analitembenuza nthawi yaitali, n'kuliyang'ana padzuwa. Anati likanakhala la chitsulo mitsempha ikanakhala yobiriwira, koma ili lachita chikasu lonse. Anandifunsa ngati pali amene wapopera mankhwala pafupi ndi mtengowo. Ndinati kwathu kulibe wa ndalama zotayira pa mankhwala, udzu timapalira ndi khasu. Anangoti "Hmm," n'kuliika m'thumba la malaya ake. Sanandibwezere.

Koma inunso mwaulula nokha kuti simunasiye kuthirira, akuti mayi akuti mtengo sungachire ndi ludzu. Mayi ndi mayi anga, ndimawalemekeza, koma ndimu sanadzalepo. Tsopano mverani ine. Kuyambira tsiku limene mulandire kalata ino, mtengowo usalawe ngakhale dontho la madzi. Mwezi wathunthu. Mvula ikabwera, imeneyo ndi ya Mulungu, koma inu ayi. Madzi a m'chigubu akhale a m'nyumba basi, akumwa ndi ophikira. Mukatero mupumulakonso maulendo a ku mjigo, chigubu chimodzi chizikufikitsani masiku awiri.

Mwandidetsa nkhawa ndi mawu aja akuti Mafunso akumagona masana ndipo sakufunsanso zambiri. Mwalemba ngati nthabwala, kuti makutu anu apuma. Ine sizinandisangalatse. Mankhwala a njoka aja munamupatsa? Akapanda kusintha mupite naye kuchipatala, musadikire kuti ndalama ifike, gulitsani nkhuku.

Wamluzu kulibe. Lolemba lapitalo anagwa pakati pa mizere atanyamula thireyi ya mbande. Khungu lake lonse linali litasintha, ngakhale zikhatho. Anamukweza pa galimoto ya kampani, kumbuyo, pamodzi ndi matumba a dothi. Kapitawo akuti anamutumiza kwawo kuti akapume. Koma munthu wopita kwawo amasiya jombo, chipewa ndi chithunzi cha ana ake pa khoma? Tafunsa chipatala chake, palibe akutiuza. Amene ukamufunsa amayang'ana kumbali.

Katundu wake ndamulongedza m'katoni, ndaika pansi pa bedi. Bulangete lake lija ndikufundabe. Chigubu chake ndikugwiritsabe ntchito, akabwera adzachipeza.

Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Mawu amenewa akumandibwerera ndikamadzaza machubu, ndipo sindikuwakonda. Ndikuganiza kuti ndikagwira mpaka kumapeto kwa chaka ndibwere, ngakhale ndalama ya malata isanakwane. Tidzakambirana.

Lemberani msanga.

Mwamuna wanu,
Bambo a Mafunso


20 Novembala

Amake Mafunso,

Moni. Werengani kalata ino mpaka kumapeto musanachite china chilichonse, kenako muchite zimene ndanena tsiku lomwelo.

Chigubu chija musamwenso madzi ake. Musaphikire, musatsukire mbale, musasambitsire mwana. Chibooleni ndi mpeni pansi ndi m'mbali kuti wina asadzachitole, mukachikwirire kutali ndi mjigo. Mafunso mupite naye kuchipatala chachikulu, osati kaja ka pafupi, ndipo mukawauze madokotala kuti wakhala akumwa madzi a m'chigubu cha mankhwala opha udzu kuyambira mwezi wa Ogasiti.

Ndikufotokozereni mmene ndadziwira.

Dzulo anandituma kukalambula ngalande ya kuseri kwa shedi yomaliza. Sindinafikeko n'kale lonse. Kumeneko n'kumene amatsukira zigubu zikatha, madzi ake n'kumayenda m'ngalandemo. M'mphepete mwake munali mbande za ndimu zotayidwa, zina zitamera mizu pansi. Nditawerama kuti ndizule, ndinaona masamba a kunsonga. Ang'onoang'ono, owonda, opiringizika, achikasu onse. Ndinakhala pansi m'matope momwemo.

Ndinathyola nsonga imodzi n'kuthamangira kwa mkulu wa mapaipi. Iye anatulutsa tsamba lanu lija m'thumba, anali akulisungabe, n'kuwaika pamodzi pa chikhatho. Anati:

"Ndinakufunsa za mankhwala, unati kwanu kulibe. Chikasu ichi si njala, si madzi, si nsabwe. Mtengo uwu wamwa poizoni. Tsopano ndiuze zoona, chinachoka kuno kupita kwanu n'chiyani?"

Ndinati chigubu, koma munali feteleza, ndipo ndinatsuka katatu.

Mkuluyo anapita nane kuchipinda, anatenga chigubu cha Wamluzu, anakhuthula madzi panja, n'kudula chogwirira ndi mpeni wake wa mapaipi. Amake Mafunso, chogwirira chija n'chobowoka mkati. M'menemo munali zinthu zouma zomatirira, zokhuthala ngati chala, kunsi kwake zonyowa. Sopo safikako. Ukadzaza madzi n'kunyamula, madzi amakwera m'menemo, amanyambita pang'ono n'kubwerera. Tsiku lililonse pang'ono. Anandionetsanso pambali pamene pali pokalikakalika. Akuti pamenepo pamakhala chipepala cha chibade ndi mafupa awiri. Lamulo ndi lakuti zigubuzo azibowole n'kuzibweza kumene zinachokera, koma kapitawo amapala chipepalacho ndi lezala n'kutigulitsa ife obwera.

Ndinamufunsa mkuluyo kuti bwanji sananene nthawi yonseyi. Anati sankadziwa kuti tikumweramo, iye m'zipinda zathu salowa, ankayesa anthu amagulira parafini. Kenako anati: "Komanso ndili ndi zaka ziwiri kuti ndipume, mwana wanga. Ndinaphunzira kusaona." Analira. Ine misozi sinabwere.

Mwana wa zaka zinayi anafunsa kuti munali chiyani m'chigubu. Ine bambo wake, wa ndevu, ndinaseka. Safunsa anadya phula, koma phula langa ndadyetsa mwana. Ndipo ndine ndemwe ndinakulemberani kuti azimwa a m'chigubu okha. Mundikhululukire ngati mungathe, koma zimenezo pambuyo. Thamangani kaye.

Bambo a Mafunso


23 Novembala

Amake Mafunso,

Moni. Sindikudziwa ngati muli bwino, ndipo sindingakunamizeni kuti ine ndili bwino.

Kalata ya pa 20 ndinathamanga nayo kumene lole zimaima, koma adalaivala athu anali atanyamuka kale Lachiwiri la sabata yatha, abweranso sabata ya mawa. Ndaiponya ku positi, ngakhale mukudziwa kuti za positi zimatenga mwezi, zina osafika. Ino ndapatsa munthu wina wa basi amene akuti amadutsa pa mphambano ya kwathu. Sindikumudziwa. Ndamulipira, ndipo ndamugwadira pamaso pa anthu. Ngati ino yayamba kufika, mawu ndi awa: chigubu cha buluu chili ndi poizoni, musamwe, chibooleni, mwana apite kuchipatala chachikulu lero.

Mwezi wathunthu tsopano osalandira kalata yanu. Simunachitepo chonchi. Ndikudziuza kuti mwina ndi mvula, mwina mlatho, mwina mwatanganidwa ndi kudzala.

Ndinapita kwa kapitawo ndi chogwirira chodulacho m'manja. Anachiyang'ana, n'kundiyang'ana ine. Anati palibe amene anandikakamiza kugula. Kenako anafunsa mofatsa ngati mapepala anga ali bwino, poti akuti sabata ino kubwera oyendera. Ndinamva zimene amatanthauza. Ndauza anzanga onse m'zipinda. Zigubu zisanu ndi chimodzi tazibowola. Awiri anakana, akuti ndalama yawo ingapite pachabe. Mmodzi anatumiza ziwiri kwawo mwezi watha, ali ndi khanda.

Za Wamluzu tamva. Wophika tiyi ku ofesi ndiye watinong'oneza. Sanafike kwawo. Katoni yake ndipereka kwa adalaivala, mwina angapeze abale ake.

Lero Lachinayi, tsiku lothothola. Anandipatsa ndowa, ndinalowa m'shedi, ndinagwira tsamba loyamba, koma ndinalephera kulithyola. Ndinaima choncho mpaka belu.

Yankhani chonde, ngakhale mzere umodzi.

Bambo a Mafunso


29 Novembala

Mkazi wanga,

Adalaivala afika m'mawa uno ndipo andipatsa kalata yanu ya pa 18. Ndaona kuti munalemba musanalandire zanga ziwiri zija. Ndaiwerenga nditaima pa msewu pomwepo.

Mwalemba mokondwa. Mwati ndinalondola, ndine dokotala weniweni. Mwati chisiyireni kuthirira, mvula itagwa kawiri, ndimu yaphuka masamba atsopano obiriwira, aakulu bwino, ndipo kunsonga kwaoneka timaluwa tiwiri. Mwati ngakhale mayi avomera kuti mwana wawo anaphunzira. Mwaikamo tsamba limodzi kuti ndione ndekha. Ndalilandira. Ndi lobiriwira ndithu, likununkhira kwathu.

Mtengowo sunachire chifukwa cha nzeru zanga. Wachira chifukwa unasiya kumwa za m'chigubu. Miyezi itatu unkalira pakhomo panu kutiuza, ine n'kumauyankha ndi manyowa. Ndipo madzi amene ndinaulanda mtengo ndinawapereka kwa inu ndi kwa mwana.

Kumapeto kwenikweni, pambuyo pa nkhani ya denga ndi ya nkhuku, mwalemba mizere iwiri. Mwati Mafunso akusanza, wawonda, akungofuna kuberekedwa kumsana, ndipo mayi akuti ndi malungo a mvula yoyamba. Mwati munamuonetsa maluwa a ndimu koma sanafunse kanthu. Mwati mukumupatsa madzi pafupipafupi monga ndinanenera. Kuchokera pa 18 mpaka lero ndi masiku khumi ndi limodzi. Ndawawerenga pa zala kangapo, sakuchepa.

Ntchito ndasiya. Malipiro a mwezi uno kapitawo akuti ndidikire pa 5, ndamuuza kuti adye. Lole ya adalaivala inyamuka Lachitatu la sabata ya mawa, sindingadikire. Ndagulitsa jombo ndi wailesi, ndikwera basi ya masana ano, kwinako ndikaona pofika. Kalata ino ndapatsa mnyamata wa njinga yamoto amene akupita kumalire lero, akapatse aliyense wolowera kwathu. Sindikudziwa kuti ayambe kufika ndani, ine kapena iyo.

Ikayamba iyo, musandidikire pakhomo. Tulukani naye mwanayo panja pamene pali dzuwa, osati m'nyumba, m'nyumba simuona bwino. Mumukhazike pa mwendo, mukokere chikope cha m'munsi ndi chala, mumuuze ayang'ane kumwamba. Yang'anani poyera paja. Kenako mayi akuyang'aneni inu chimodzimodzi, inunso muwayang'ane. Chilichonse chimene mupeze, nyamukani nonse atatu. Chogwirira cha chigubu mudule, muchikulunge m'pepala la pulasitiki, mukaonetse madokotala. Ine ndikafika ndiyambira kuchipatala, osati kunyumba.

Muuzeni Mafunso kuti bambo akubwera, ndipo lonjezo lija lilipo, ndimu yoyamba ndi yake. Muuzeni kuti funso lake lija linali labwino kuposa mayankho anga onse, ndipo akadzuka afunse ena, ambirimbiri, sindidzasekanso.

Mudzafuna kudziwa za ine, poti nanenso ndamwa za m'chigubu cha Wamluzu miyezi itatu. M'mawa uno ndinatenga kagalasi kake kometera ndevu n'kutuluka nako padzuwa. Musadzadzidzimuke pondiona, ndipo mwana musamuuze. Tikafika pa mzere wa kuchipatala, ayambe ndi iyeyo.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a Mafunso